Dzanja Lithamangitsana ndi Phazi

M'mizinda ina ikuluikulu ya ku Ulaya ndi ku America muli chizoloŵezi chimene chakhazikika m'zaka za posachedwapa. Anthu okonda kujambula zithunzi pamanja amasonkhana pabwalo la mzinda kapena m'holo, aliyense atanyamula mapepala ndi makala kapena pensulo. Pakati pao pamaloŵa mnyamata kapena mtsikana wodziŵa gule wa m'miseu. Nyimbo ikayamba iye amavina, ndipo iwo amayesetsa kumuika papepala asanasinthe. Chithunzi chimodzi chimatenga theka la mphindi, mwina mphindi yathunthu. Pepala likadzaza amalikankhira pambali n'kutenga lina. Munthu wongodutsa angayese kuti ndi maseŵera chabe. Koma kuti aphunzitsi a luso limeneli afike polola wojambulidwa kugwedezeka, ndiponso kuti ophunzira atuluke m'nyumba apite kumseu, padapita zaka zoposa 400. Lero tikambirana za ulendo umenewo, ndi za ovina amene adaukhetsera thukuta.

Sukulu yoyamba yodziŵika bwino yophunzitsa kujambula idakhazikitsidwa mu mzinda wa Florence ku Italy m'chaka cha 1563. Ya ku Paris idatsatira mu 1648, ndipo ya ku London, yotchedwa Royal Academy, mu 1768. Sukulu zonsezi zidali ndi makwerero ofanana. Wophunzira ankayamba ndi kukopera zithunzi za akatswiri akale. Dzanja likakhwima ankamlola kujambula ziboliboli. Potsiriza, aphunzitsi akakhutira naye, ankaloŵa m'chipinda m'mene munthu wamoyo ankaima pa nsanja. Koma munthu wamoyoyo ankayenera kukhala ngati chiboliboli chomwe. Ankamuimika m'kaimidwe kamodzi kwa nthaŵi yaitali, ndipo kaimidwe komweko ankakabwereza masiku angapo. Ngati mkono uyenera kukhala m'mwamba, ankamangirira chingwe kudenga kuti agwirire, kapena ankampatsa ndodo yotsamira. Motero wophunzira ankatha kuŵerenga nthiti ndi minofu yonse, koma za m'mene thupi limachokera apa kufika apo sankaphunzira kanthu. Akafuna kujambula munthu wothamanga, ankajambula munthu woima amene akunamizira kuthamanga.

Mmodzi mwa aphunzitsi oyamba kuona chilema chimenechi adali Horace Lecoq de Boisbaudran, amene ankaphunzitsa pa sukulu ina ya ku Paris imene anthu ankangoitchula kuti Petite École, ndiye kuti sukulu yaing'ono. Mu 1848 adasindikiza kabuku kofotokoza m'mene munthu angaphunzitsire mutu wake kusunga zimene maso aona. Ankauza ophunzira ake kuti ayang'anitsitse chinthu, kenaka achisiye, akachijambule chili kutali. Nthaŵi zina ankatuluka nao kupita kuthengo, n'kuuza ojambulidwa kuti aziyenda, azithamanga, azikhala pansi monga afunira. Mfundo yake idali yapafupi. Chinthu choyenda sichidikira munthu, choncho dzanja limajambula chimene diso laona kamphindi kapitako, ndipo amene sakumbukira bwino sangajambule choyenda. Mwa anyamata amene adaloŵa sukuluyi mu 1854 mudali wina wa zaka pafupifupi 14, dzina lake Auguste Rodin. Tibwereranso kwa iye.

Anthu akamakamba za zithunzi za ovina, dzina limene limabwera msanga ndi la Edgar Degas, amene adabadwa mu 1834 namwalira mu 1917. Iyeyu adasiya zithunzi ndi ziboliboli pafupifupi 1,500 za atsikana ovina gule wa ballet ku nyumba ya zisudzo ya Opéra ku Paris. Mtima wake udali m'zipinda zoyeserera, m'mene mtsikana akumanga nsapato, wina akukanda msana, wina akuyasamula chifukwa cha kutopa. Komabe Degas sadasiyiretu njira yakale. Kaŵirikaŵiri ankaitanira atsikanawo ku chipinda chake chogwiriramo ntchito, n'kuŵaimika mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ambiri mwa iwo adali ana a amphaŵi. Mmodzi, Marie van Goethem, mwana wa mai wochapa zovala za anthu, ndiye adaimirira chiboliboli chotchuka cha wovina wa zaka 14 chimene chidaonetsedwa mu 1881. Chaka chotsatira adachotsedwa ku Opéra chifukwa chojomba ku maphunziro, ndipo posakhalitsa dzina lake lidazimirira m'mabuku. Chiboliboli chenichenicho, chimene n'chaphula, chili ku Washington, ndipo makope ake amkuŵa ali m'mizinda yambiri. Anthu miyandamiyanda amachidziŵa. Mwini thupi lake amamdziŵa ndi oŵerengeka.

Pa nthaŵi yomweyo kamera idaloŵerera nkhaniyi. Mu Juni 1878, ku Palo Alto m'chigawo cha California, Eadweard Muybridge adandandika makamera 12 m'mbali mwa njira yothamangiramo akavalo, napeza zithunzi zosonyeza pamene mwendo uliwonse wa kavalo uli pa kamphindi kalikonse. Zidadziŵika kuti ojambula pamanja adakhala akulakwitsa kwa mibadwo yambiri: kavalo akakhala m'malere, miyendo yake imakhala itapindikira kunsi kwa mimba, pamene iwo ankaijambula yotambasukira kutsogolo ndi kumbuyo. Ena adati basi, ntchito ya pensulo yathera pomwepa. Rodin adakana. Maganizo ake, amene adasindikizidwa mu 1911 m'buku la zokambirana zake ndi Paul Gsell, adali akuti kamera imaimitsa nthaŵi, chonsecho nthaŵi siima, ndipo n'chifukwa chake munthu wojambulidwa ndi kamera ali mkati moyenda amaoneka ngati wauma mwadzidzidzi. Wojambula pamanja amatha kuika m'chithunzi chimodzi miyendo imene ikumaliza sitepe ndi mapewa amene ayamba kale yotsatira. Diso la woonerera likamakwera kuchoka kumiyendo kufika kumapewa, limamva kuyenda.

Rodin, amene sukulu yaikulu ya École des Beaux-Arts idamkana katatu konse, adasanduka mmisiri wa ziboliboli wotchuka koposa m'nthaŵi yake. Atakula, cha m'ma 1890, adayamba kajambulidwe kachilendo. Ankalola ojambulidwa kuyendayenda m'chipinda, ndipo akaona kaimidwe komgwira mtima ankathamangitsa pensulo papepala maso ali pa munthuyo, osayang'ana pansi. Nthaŵi zina mkono unkatulukira kunja kwa pepala, phazi n'kukula kuposa mutu. Iye sankadandaula nazo.

Mu 1906 mfumu Sisowath ya ku Cambodia, dziko limene lidali m'manja mwa France kuyambira 1863, idafika ku France pa nthaŵi ya chionetsero cha maiko atsamunda chimene chidachitikira ku Marseille. Idabwera ndi gulu la atsikana ovina a kunyumba yachifumu. Pa 10 Julaye atsikanawo adavina ku Pré Catelan, m'nkhalango ya Bois de Boulogne ku Paris, ndipo Rodin, bambo wa zaka 65, adali pakati pa oonerera. Chimene chidamzunguza mutu ndi manja ao: zala zopindikira kumbuyo ngati mulibe mafupa, ndi funde limene limayambira kunsonga ya chala cha dzanja lina, n'kudutsa m'mapewa, n'kukathera ku chala cha dzanja linalo. Gululo litanyamuka kubwerera ku Marseille kukadikira sitima ya pamadzi, Rodin adasiya ntchito zake zonse nalitsata pa sitima ya pamtunda. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kwa masiku oŵerengeka adakhala pa benchi m'munda wa nyumba imene atsikanawo ankagona, pepala lili pabondo, akujambula mmodzi ndi mmodzi. Adachokako ndi zithunzi pafupifupi 150, zimene pambuyo pake adazipaka utoto wamadzi. Mukaziyang'ana, nkhope simuziona bwino. Mwina pangokhala kamzere m'malo mwa maso. Nsalu ndi banga la utoto chabe. Koma mikono ndi zala zikuyenda mpaka lero.

Tisaiŵale malo amene adakumanirana. Chionetsero cha ku Marseille chidakonzedwa kuti Afalansa aone chuma ndi anthu a maiko amene ankaŵalamulira. Atsikanawo adali akatswiri amene adayamba kupindidwa zala ndi zigongono ali ana, pa gule wopatulika amene kwao ankavinidwa pamaso pa mfumu ndi pa miyambo yopembedza. Ku France adaikidwa m'gulu la zodabwitsa za kutali. Rodin adaŵalemekeza kuposa anzake ambiri, komabe zithunzizo zimadziŵika ndi dzina la iye yekha.

Patapita zaka 69 dziko la Cambodia lidagwa m'tsoka. Pakati pa 1975 ndi 1979 boma la Khmer Rouge lidapulula anthu ochuluka zedi ndi mfuti, njala ndi ntchito yakalavulagaga, ndipo akuti mwa akatswiri 10 alionse a gule wachifumu, 9 adafa. Otsala ochepa, makamaka amai achikulire, adafunanafunana n'kuyamba kukumbutsana magule mmodzimmodzi ndi kuphunzitsa ana. Mu 2003 bungwe la UNESCO lidalemba guleyu m'gulu la chuma cha anthu onse, ndipo kumapeto kwa 2006 zithunzi 40 za Rodin zidatumizidwa ku Phnom Penh kukaonetsedwa. Ovina a mbadwo watsopano adaona papepala manja a amene adaŵatsogolera zaka 100 m'mbuyomo. Tinene zoona: gule adapulumutsidwa ndi amai aja, amene adamsunga m'mafupa ao. Pepala lidangochitira umboni. Koma kwa anthu amene adatsala pang'ono kutaya zonse, umboni n'chinthu chamtengo wapatali.

Umboni wotere udafunikanso pa Isadora Duncan, mai wa ku America amene adakana nsapato za ballet namavina wopanda kanthu kuphazi. Iye sankafuna kujambulidwa pa kanema, ndipo atamwalira mu 1927, zambiri zosonyeza kavinidwe kake zidatsala m'zithunzi za pamanja. Abraham Walkowitz yekha adamjambula koposa ka 5,000.

Amene adasandutsa luso la anthu ochepali kukhala phunziro la aliyense ndi Kimon Nicolaïdes, mphunzitsi wa pa Art Students League ku New York. Adamwalira mu 1938, ndipo buku lake lotchedwa The Natural Way to Draw lidatuluka mu 1941. M'kalasi mwake wojambulidwa ankasintha kaimidwe mphindi iliyonse, mwina mofulumira kuposa apo. Wophunzira ankauzidwa kuti asachotse pensulo papepala, asayambe ndi mphuno kapena maso, koma afunefune chimene thupi lonse likuchita: kodi likukankha, likugwa, likudumpha, likupota? Ankalimbikitsidwanso kumva m'thupi lake lomwe kulemera kumene mnzakeyo akumva. Maphunziro ambiri a masiku ano ojambula ovina amayambira pa njira imeneyi.

M'zaka zomwezo, mu mzinda womwewo, pensulo idayamba kutsata gule wa anthu wamba. Ku Harlem, dera la anthu akuda, holo ya Savoy idatsekulidwa mu 1926, ndipo kumeneko kudakulira gule wa Lindy Hop. Mnyamata wa ku Mexico, Miguel Covarrubias, ankayendera malo ovinira a ku Harlem ndi kabuku kake, ndipo mu 1927 adasindikiza zithunzi zake. Mizere yake idagwira chiuno ndi bondo mwaluso, koma kakokedwe ka milomo ndi maso kadagaŵanitsa anthu. Ena adaonamo ulemu, ena adaonamo chipongwe chakale chija chimene anthu akuda adatopa nacho.

Gule wodziŵika koposa mwa magule a m'miseu adabadwira ku Bronx, dera lina la New York. M'zaka za m'ma 1970 kumwera kwa deralo kudatsala pang'ono kusanduka bwinja. Mseu waukulu udadula malo okhala anthu pakati, mafakitale adatsekedwa, eni nyumba ena ankatentha nyumba zao kuti alandire ndalama za inshuwalansi, ndipo mu 1975 mzinda wonse udatsala pang'ono kumira m'ngongole. Pa 11 Ogasiti 1973, m'chipinda chochezera cha nyumba ya nambala 1520 Sedgwick Avenue, mnyamata wobadwira ku Jamaica, Clive Campbell, wodziŵika ndi dzina loti Kool Herc, adaliza malekodi pa phwando limene mlongo wake Cindy adakonza. Iyeyu adazindikira kuti ovina amalusa kwambiri pa kachigawo ka nyimbo kamene woimba amakhala chete, n'kutsala ng'oma zokha. Tsono adayamba kuika malekodi aŵiri a nyimbo imodzi, kuti kachigawo kaja kakatha apa akayambitsenso apo. Kachigawoko kamatchedwa break, ndipo gule wake adatchedwa breaking, amene ambiri timamdziŵa ndi dzina loti breakdance.

Ana a anthu akuda ndi a anthu ochokera ku Puerto Rico adatengera guleyu m'mapaki, m'mabwalo a maseŵera ndi m'mphepete mwa miseu. Ankayala makatoni pansi, anzao n'kupanga bwalo lozungulira, mmodzi n'kuloŵa pakati. Kavinidwe kake kali ndi dongosolo. Wovina amayamba ali chiimire, amatsikira pansi n'kumayendetsa miyendo mozungulira manja, amapota pamsana kapena pamutu, kenaka amauma mwadzidzidzi m'kaimidwe kovuta, ngati akuuza mnzake kuti, chita chimenechi ngati ungathe. Zonsezi kaŵirikaŵiri sizifika mphindi imodzi. Akuluakulu sadamvetse msanga. Mu Januwale 1980 Martha Cooper, wojambula ndi kamera wa nyuzipepala ya New York Post, adatumidwa ku polisi kumene anyamata ena adagwidwa poganiziridwa kuti ankamenyana m'siteshoni ya sitima za pansi pa nthaka. Atafika adamva kuti anyamatawo ankangovina. Mu Epulo 1981 nyuzipepala ya Village Voice idatulutsa nkhani ya Sally Banes yofotokoza guleyu, pamodzi ndi zithunzi za Cooper, ndipo pofika 1984 mafilimu monga Wild Style, Flashdance ndi Beat Street adali atamfikitsa ku maiko ambiri.

Pakati pa 1980 ndi 1985 mnyamata wina wojambula, Keith Haring, ankatsikira m'masiteshoni omwewo ali ndi choko choyera m'thumba. Pamalo pamene chikwangwani cha malonda chidali chisanaikidwe pankamatidwa pepala lakuda, ndipo Haring ankajambulapo mwachangu, apaulendo akumuonerera, apolisi asanafike. Kangapo konse adamangidwa. Mwa zithunzi zake zikwizikwi muli anthu opota pamutu, opinda msana ngati mlatho, ndi a mikono yoyenda ngati akudutsidwa ndi magetsi, onse atazunguliridwa ndi timizere tosonyeza kugwedezeka. Patsogolo pake padalibe wovina woti amuyang'ane. Ankajambula zimene adaona usiku m'malo ovinira ndi masana m'miseu. Phunziro lija la Lecoq, loti mutu uzisunga zimene maso aona, lidafika mpaka pansi pa nthaka ya New York.

Kuyambira 2007, pamene mtolankhani Gabriel Campanario wa ku Seattle adayambitsa gulu la Urban Sketchers, chizoloŵezi chojambula pagulu, pamalo pomwe zinthu zikuchitikira, chafalikira m'mizinda yambiri. Maphunziro amene tidayamba nao nkhani ino ndi mphambano ya njira zonsezi. Mphunzitsi wodziŵa ntchito yake amayamba ndi kuuza ophunzira kuti aike makala pansi, ayambe aonerera, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Gule aliyense amabwereza. Amene wamvetsa ng'oma amadziŵa pamene phazi lidzabwerere, ndipo amalidikira pomwepo. Kenaka amafunafuna mzere umodzi wochokera pamene thupi lagunda pansi, kaya ndi phazi, chikhatho kapena mutu, wodutsa mumsana mpaka kunsonga yakutali. Mzerewo ukalondola, zina zonse zikhoza kusoŵa chithunzi n'kukhalabe chamoyo. Gule wa breaking amathandiza wophunzira chifukwa cha kuuma kwa pomaliza kuja, kumene kumampatsa masekondi aŵiri kapena atatu. Amamsokonezanso, pakuti zonse zimene adaphunzira za munthu woima, mutu kumwamba mapazi pansi, zimatembenuzika, ndipo zovala zazikulu zimabisa maondo ndi chiuno.

Wina angafunse kuti, popeza masiku ano foni ya m'thumba imajambula kanema, nanga pensulo n'njachiyani? Kanema amasunga zonse mosasankha, ngakhale mwini wake akuyang'ana kwina. Pensulo imasunga chokhacho chimene munthu wamvetsa. Gule akatha, wovina amazungulira kuona mapepala ali ndandanda pansi, ndipo amadziŵa yekha amene adaona pamene padagona mphamvu yake ndi amene adangoona chipewa ndi nsapato. Pamenepo wojambulidwa amasanduka woŵeruza, chinthu chimene sichikadatheka m'chipinda chija cha chingwe chakudenga.

Mu Ogasiti 2024 gule wa ana a ku Bronx adaloŵa m'maseŵera a Olimpiki, ndipo adavinidwa pa bwalo la Place de la Concorde ku Paris, mzinda wa Degas ndi Rodin. Opambana adali Ami Yuasa wa ku Japan ndi Philip Kim wa ku Canada. Maina ao adalengezedwa pamaso pa dziko lonse, nalembedwa m'mabuku, ulemu umene Marie van Goethem ndi atsikana a mfumu Sisowath sadaulandire ali moyo.

Ife a kuno sitili alendo pa nkhani imeneyi. M'mapanga a ku Chongoni m'dera la Dedza, kumene kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala amene bungwe la UNESCO lidaŵalemba mu 2006, muli zithunzi za dothi loyera zosonyeza zilombo za Nyau. Ku Mua, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 asunga zithunzi zambiri za Gule Wamkulu. Makolo athu adadziŵa kale chinthu chimene sukulu za ku Ulaya zidachedwa kuchiphunzira, chakuti gule ali ndi eni ake. Mlendo safika pabwalo n'kutulutsa pepala asanaonekere kwa mfumu, ndipo wovina akasangalatsa amafupidwa pomwepo, anthu akuona.

Choncho inu amene muli ndi pensulo, mukapeza achinyamata akuvina pamsika kapena pa depoti, pemphani chilolezo, onererani kaye, jambulani msanga, ndipo musaiŵale kufupa. Musanatembenuze pepala, mufunse wovinayo dzina lake, ndipo akalola, mulilembe pansi pa chithunzi pafupi ndi lanu.